Dzina la wokopera lilembedwe pati?

Mayi wina wandilembera kuti anatayipa mbiri ya banja imene malemu agogo ake analemba pamanja, nakonza malo osamveka, ndipo akufunsa ngati nkoyenera kuika dzina lake pachikuto. Funsoli landikhudza chifukwa inenso ndinakhala nthawi yaitali ndikutayipa ndi kusalaza zolemba za ena. Chimene chinkandiwawa nchakuti chiganizo chikayamikiridwa ulemu unkapita kwa mwini buku, koma chilembo chimodzi chikalakwika ankafunafuna wotayipa.

Nkhaniyi inavutitsanso anthu a ku Ulaya makina osindikizira asanabwere. Cha m'ma 1250, katswiri wa maphunziro a zaumulungu wa ku Italy, Bonaventure, anasiyanitsa anthu anayi opanga buku: wokopera mawu a ena osasintha kanthu, wosonkhanitsa zolemba za anthu osiyanasiyana, wowonjezera ndemanga zofotokozera, ndi mwini buku amene mawu ake ndiwo amatsogola. Koma amene ankaweramira chikopa cholembapo tsiku lonse ndi nthenga yolembera m'dzanja ankadumpha malire amenewa kawirikawiri. Ndakatulo ya m'Chingelezi chakale yotchedwa Beowulf tili nayo chifukwa cha alembi awiri amene anaikopera cha m'ma 1000, ndipo wachiwiri anayambira pakati pa chiganizo pamene mnzake analekera, kalembedwe ka mawu ena nkusintha pomwepo. Woipeka sadziwika, ndipo liwu lililonse limatifika kudzera m'manja mwa awiriwo, choncho ndimakana kwamtuwagalu kuti wokopera anali chida chabe. Mlakatuli wa ku England Geoffrey Chaucer anatemberera mlembi wake Adam kuti atuluke nkhanambo m'mutu chifukwa cha zolakwitsa zake, ndipo ine ndimaona kuti mkwiyowo unali wa munthu wodziwa kuti mbiri yake ili m'dzanja la wina.

Komabe wokopera si mwini buku, ndipo amene anachita mwanzeru ndi wansembe Aldred. M'zaka za m'ma 900 iye analemba Chingelezi chakale pakati pa mizere ya Chilatini m'buku la Uthenga Wabwino la ku Lindisfarne, chilumba cha ku England, ndipo kumapeto anatchula Eadfrith amene analikopera, Æthelwald amene analimanga, Billfrith amene analikongoletsa ndi golide ndi miyala yamtengo wapatali, kenako nkudzitchula yekha pamodzi ndi ntchito yake.

Inu mayi, pachikuto pakhale dzina la agogo anu. Patsamba lomaliza lembani dzina lanu, chaka, ndi malo onse amene munasintha mawu awo, ndipo kope lolembedwa pamanjalo mulisunge kuti adzukulu adzathe kuyerekeza.