Mamailosi a ndege ndinawathamangitsa zaka zitatu

Imelo iyi ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinatseka kompyuta n'kukagona osayankha. Akulu ena amene amawerenga zolemba zangazi afunsa kuti pa ulendo wawo pali matikiti awiri, ina yotchipa, ina yokwera ndi madola 120 koma yopatsa mamailosi ambiri, mapointi aja amene kampani ya ndege imakupatsa ukakwera kuti udzasinthanitse ndi tikiti. Agule iti? Funso lake ndi lomweli basi. Koma akulu, mwandikanda pachilonda.

Nthawi ina ntchito inkandikweza ndege pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo kampani ina ya ndege, dzina sinditchula, inanditumizira kakhadi ka siliva, ka mamembala ake okwera kawirikawiri. Kapulasitiki wamba, kobwera mu envelopu yolimba pamodzi ndi tizikwangwani tiwiri tomangirira pachikwama. Ine ndinamangirira tonse tiwiri pachikwama chimodzi kuti oona aone bwino. Kuyambira tsiku limenelo mutu unasiya kugwira. Pofuna tikiti sindinkayamba ndi mtengo, ndinkayamba ndi kachilembo. Mwina simunakaonepo. Mipando ya kumbuyo ija imaoneka yofanana, mawondo amagunda mpando wakutsogolo chimodzimodzi, koma tikiti iliyonse ili ndi chilembo chake: Y ndiye yodula, kenako B, M, n'kumatsika mpaka ku zilembo zotchipa. Kampani ya ndege ija inkapereka mamailosi onse a mtunda pa zilembo zapamwamba, theka pa zapakati, ndipo pa zotchipitsitsa kagawo kamodzi mwa magawo anayi, mwinanso osapereka n'komwe. Ndiye ine ndinkalipirira chilembo. Ndinkakhala phewa ndi phewa ndi munthu amene walipira zochepa, tiyi wathu m'makapu ofanana, tikutera mphindi yomweyo, ine mumtima ndikumumvera chisoni kuti sakudziwa zimene akutaya.

Chaka chachiwiri, Disembala ali kumapeto, ndinapeza kuti ndaperewera pang'ono kuti ndifike pa golide, umembala woposa wa siliva. Ndinagula tikiti ndi ndalama zanga, ndinanyamuka m'mawa, ndinakhala maola anayi pabwalo la ndege la mzinda umene ndinalibeko m'bale kapena chochita, madzulo n'kubwerera. Panja pa bwalolo sindinapondepo. Nditafika kunyumba, mayi a kunyumba anayang'ana m'manja mwanga n'kufunsa kuti, "Nanga mwakatenga chiyani?" Ndinayamba kufotokoza za mzere wapadera wolowera m'ndege ndi chikwama chowonjezera chaulere. Anandisiya ndikulankhula.

Golide ndinamupezadi. Mwezi wa Malichi ntchito inasintha, chaka chonsecho ndinakwera ndege kawiri kokha. Mu lounge, chipinda chapadera chodikiriramo ndege, ndinalowamo kamodzi, ndinapeza modzaza, khofi ndinamwera choimirira pafupi ndi chitseko. Chikomekome cha mkuyu.

Zimenezo ndikanazipirira. Chinandiwawa n'choti nditafuna kugwiritsa ntchito mamailosi aja kuti tiyende awiri, masiku amene tinkafuna kunalibe mipando. Ndege inali ndi malo ambirimbiri kwa wolipira ndalama, koma kwa wa mamailosi ayi. Nditasuntha masiku, ndinapeza kuti ulendo womwewo tsopano ukufuna mamailosi ochuluka kuposa chaka chapitacho, ndipo pamwamba pake ndilipire misonkho ndi ndalama ina imene amati ya mafuta. Tikiti "yaulere" ija inatidyera ndalama yoti tikanangowonjezera pang'ono tikanagula ina kwina. Mamailosi otsalawo anafa okha patapita miyezi ndisanayende. Uthenga wochenjeza unalipo, ndinaupeza m'bokosi la spam nthawi itatha kale.

Ndiye lekani ndinene mosapsatira. Mamailosi ndi ndalama imene kampani imasindikiza yokha, imaika yokha mtengo wake, ndipo imaigwetsa mphamvu tsiku limene yafuna osakufunsani. Inu mumapereka ndalama yeniyeni, yoti mukhoza kugulira chilichonse, n'kulandira ndalama yogwira ntchito m'sitolo imodzi. Poyamba ndimafuna kulemba kuti "zimadalira munthu", koma ayi, kwa anthu ambiri n'kuluza basi.

Kale zinali zosavuta kumva. American Airlines itayambitsa pulogalamu yake ya mamailosi ya AAdvantage mu 1981, mailosi inali mailosi: wauluka mtunda wakuti, walandira chomwecho. Makampani anadzazindikira kuti akupereka banyira wofanana kwa wolipira zambiri ndi wolipira zochepa. Mu 2015 Delta ndi United anasintha, n'kuyamba kuwerengera ndalama zimene walipira osati mtunda, ndipo American inatsatira mu 2016. Membala wamba ankalandira mamailosi 5 pa dola iliyonse. Flying Blue ya Air France ndi KLM inachita zomwezo mu 2018, mamailosi 4 pa yuro, ndipo British Airways mu 2023 inayamba kupereka ma Avios (mamailosi ake) 6 pa paundi kwa membala wamba. Mu 2015 momwemo Delta inachotsa tebulo losonyeza kuti ulendo wakuti umafuna mamailosi angati. Taganizani, mukusunga ndalama koma mwini sitolo wamatula mitengo yonse pakhoma.

Ndipo musaganize kuti makampaniwa akukuchitirani chifundo. Mu 2020, ndege zili pansi chifukwa cha Covid, United inakongola madola 6.8 biliyoni itaika pulogalamu yake ya mamailosi, MileagePlus, ngati chikole, Delta inakongola 9 biliyoni pa yake ya SkyMiles. Obwereketsa anakhulupirira mamailosi nthawi imene ndege zinalibe okwera, chifukwa mabanki amagula mamailosiwo ndi ndalama zenizeni kuti azikopera anthu ku makhadi awo. Munthu sakongoza mabiliyoni pa chikole chimene chimaluza. Phindu limenelo likuchokera m'thumba la winawake, ndipo kwa zaka zitatu winawakeyo ndinali ine.

Pali chinanso chimene anzanga oyenda pantchito sakonda kuti ndizinena. Nyambo imeneyi imagwira bwino pamene wosankha tikiti ndi wina, wolipira ndi wina. Abwana akulipira, mamailosi akulowa kwa iwe, ndiye tikiti yodula imapeza zifukwa: nthawi yake ndi yabwino, sindifuna kudikira pakati panjira. Inenso ndinazilembapo zifukwa zimenezo pafomu, ndipo wowerengera ndalama wathu ankangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kusaina. Ndimachita nazo manyazi mpaka pano. Chizolowezicho chinandilowa, ndiye nditayamba kulipira ndekha dzanja linkapitabe ku chilembo chodula.

Masamu ake

Amene amatsatira zimenezi amaika mailosi imodzi ya makampani akuluakulu pa senti imodzi kapena imodzi ndi theka ya dola. Ngati kampani ya ndege yanu imawerengera ndalama, mamailosi 5 pa dola, madola 120 owonjezera akupatsani mamailosi 600, ndiye kuti madola 6 mpaka 9. Mwapereka 120, mwabwezeredwa 9. Ndiponso gawo la tikiti limene ndi misonkho ya boma silibala mailosi ngakhale imodzi.

Ngati imawerengerabe mtunda ndi chilembo, pamenepo tengani cholembera. Tinene kuti ulendo ndi wa mamailosi 10,000 kupita ndi kubwera, tikiti yotchipa ikupereka 2,500, yodula 10,000 onse. Kusiyana ndi 7,500, pafupifupi madola 75 mpaka 112. Mwayandikira, koma simunafikebe pa 120, ndipo mwaika ndalama yeniyeni lero kuti mudzalandire mwina chaka chamawa, mpando ukadzapezeka.

Tikiti yodulayo igulani ngati ili ndi chinthu chimene mukanalipira ndithu, monga chikwama chachiwiri kapena ufulu wosintha tsiku osalipitsidwa. Igulaninso ngati mwatsala pang'ono kufika pa siliva kapena golide ndipo maulendo a chaka chamawa ndi otsimikizika, osati ongoyembekezera ngati anga aja. Kupanda apo, akulu, tengani yotchipayo, lembanipo nambala yanu ya umembala kuti tochepato tilowe, ndipo onani lero lomwe kuti mamailosi anu amafa pakapita miyezi ingati. M'bokosi la spam muziyang'anamonso.