Sukulu ya Ayuda ikutuma mwana wawo kukacheza ndi nkhalamba, ndiye akufunsa ngati amukanize

Kalata imene ndikuyankha lero ndinayamba ndaisiya kaye masiku angapo, chifukwa inandigunda pachilonda. Alemba ndi mayi a kwathu amene ali konkuno ku England ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba. Iwo ndi a CCAP, koma mwana wawo wamkazi anapeza malo kusekondale ya Ayuda ya m'dera lawo. Tsopano sukuluyo ikulimbikitsa ana kuti azidzipereka pa ntchito zothandiza anthu, ndipo mtsikanayo wasankha zokacheza kunyumba yosungirako okalamba. Mayiwo akuti: "Ine ndikuthyoka msana ndi mashifiti a usiku kuti mwanayu asadzagwire ntchito ngati yangayi. Lero sukulu ikumutuma komweko, ulere. Komanso ndikuopa kuti amutembenuza. Ndimukanize?"

Achemwali, musamukanize. Koma khalani pansi, poti nkhaniyi inandipezapo nanenso.

Ntchito mukugwirayo ndinaigwira zaka zambiri ndisanapeze ya mu ofesi imene ndili nayo panoyi. Ndikudziwa kusambitsa munthu amene akukutukwana, kusintha zofunda zonyowa pakati pa usiku, kulemba manotsi maso akuyabwa ndi tulo, kenako kuima pa siteji ya basi m'mawa wa Januwale mapazi atatupa. Pa nthawi imeneyo mnyamata wanga wachisamba anali pasukulu ya Ayuda, ndipo sikuti tinachita kuisankha chifukwa cha chipembedzo. Inali pafupi, inkakhozetsa, malo analipo. Ambiri kumudzi sadziwa kuti kuno kuli sukulu za Ayuda zimene zimayendetsedwa ndi ndalama za boma, moti mwana salipira fizi, makolo amangopemphedwa kusonkhako mwa kufuna kwawo. M'madera amene Ayuda anachepa, sukulu zotere zimatenga aliyense. King David ya ku Liverpool ndi King Solomon ya ku Ilford ndi zitsanzo, ana ambiri kumeneko si Ayuda. N'zosiyana ndi JFS ya ku London, imene inayamba kalekale mu 1732, kumene malo amachita kulimbirana moti nkhani ya kasankhidwe ka ana inakafika mpaka ku Supreme Court mu 2009.

Tsiku lina mnyamatayo anabwera ndi fomu yoti ndisayine. Nditawerenga kuti azipita kunyumba ya okalamba Lamlungu lililonse masana, m'mimba munatentha. Ine ndikagwira ntchitoyi ndine "carer", munthu amene abale a wodwala amamulankhula osamuyang'ana kumaso. Mwana wa sukulu akakakhala ola limodzi akuseka ndi agogo omwewo, amuwombera m'manja n'kumupatsa satifiketi. Zimenezi zinandiwawa, ndipo kunena zoona mpaka lero zimandiwawabe. Ndinasayina mano ali gwa.

Koma pali china chimene chimatipangitsa ife a ku Malawi kudzidzimuka tikamva za ntchito yopanda malipiro pasukulu, ndipo sitikonda kuchitchula. Kwa ife ntchito ya manja pasukulu inali chibalo. Ukachedwa, tenga chikwakwa ukatchetche bwalo la mpira. Ukalankhula Chichewa m'kalasi, kakumbe dzenje lotalika ngati msinkhu wako, ukamaliza ulikwirire. Kusekondale kumene ndinaphunzira ine kunali chitsa cha mtengo wa bulugama kuseri kwa khitchini, chimene anthu olakwa ankatumidwa kukazula. Ndinakafika chilipo, ndinachoka chilipo, tinkangochikanda m'mbali ndi khasu lobuntha mpaka belu la chakudya. Ndipo kunali aphunzitsi ena amene munda wawo wa chimanga unkapaliridwa ndi ana a Fomu 1 m'dzina la phunziro la ulimi. Chimangacho sitinachilawepo.

Makolo athu nawo ali ndi zawo. Amene anakula nthawi ya Kamuzu akukumbukira Youth Week, sabata yathunthu yokonza misewu ndi kuumba njerwa, ndipo panalibe wofunsa ngati ukufuna. Ukabwerera m'mbuyo upeza thangata m'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, anthu kulima ulere kuti angokhala pamalo pamene makolo awo anaikidwa. Chinali chimodzi mwa zimene zinamukwiyitsa John Chilembwe mu 1915. Ndiye munthu wakula ndi mbiri yotereyi, ukamuuza kuti mwana wako akagwire ntchito yaulere, amayamba wafunsa kuti akudyerapo ndani. Funsolo si lopusa ayi. Kwathu nthawi zambiri pamakhaladi wodyerapo.

Chimene ndinaona pa mwana wanga n'chakuti pamenepa wodyerapo anali iye mwini.

Sankasambitsa munthu, sankanyamula munthu, ndipo zimenezo ana odzipereka saloledwa n'komwe. Ankangokhala pansi n'kumacheza. Anamupatsa agogo ena aamuna amene analibe owayendera, munthu wa zaka za m'ma 80, wosamva bwino khutu limodzi. Tsiku loyamba mwana anabwera atakhumudwa, akuti agogowo sanamuyankhe chilichonse, ankangoyang'ana pawindo. Patapita masabata angapo anamufunsa kwawo. Atati Malawi, agogo anagwedeza mutu kuti sakudziwako. Atati kale linkatchedwa Nyasaland, nkhope inasintha. Anatumiza mwanayo kukatenga buku lawo la masitampa m'dirowa, n'kutsegula tsamba lina ndi chala chonjenjemera, pali sitampa yakale ya kwathu ya kambuku ataima pamwala. Anayamba kutolera masitampa ali mwana chifukwa ankadikira makalata. Anafika kuno mu 1939 pa sitima zija zinkathawitsa ana a Chiyuda ku Germany, Austria ndi Czechoslovakia, zimene amazitcha Kindertransport, zomwe zinapulumutsa ana pafupifupi 10,000. Makolo awo anatsala, ndipo makalata anadzasiya kubwera.

Mnyamata wanga anabwera madzulo amenewo osafuna kudya. Anandifunsa kuti agogo ake a ku Ntcheu tinawaimbira liti foni. Mwana amene ndikamupatsa foni kuti apereke moni kumudzi ankangoti "ndili bwino, kaya inu" n'kuthawira kuchipinda, anakhala pampando kuwafunsa agogo ake kuti bambo awo anapita bwanji ku Wenela. Ine zimenezo ndikanaziphunzitsa ndi chiyani? Ndinali ku shifiti.

Pano ndilankhule mosapsatira, ena mukwiye. Ife timadzitama kuti ndife anthu a umunthu, ndipo n'zoona, palibe amene amatiposa pa maliro. Munthu akamwalira ku Leeds, pofika m'mawa gulu la WhatsApp lasonkha kale ndalama zotumizira thupi kumudzi. Koma tayang'anitsitsani amene timathandiza. Ndi m'bale, wa mpingo wathu, wa kwathu. Ndipo timasunga kaundula. Pamaliro amawerenga mokweza kuti a uje apereka zakuti, mudzi wakuti wabweretsa ufa wakuti. Paukwati timavina ndi ndalama m'manja kuti onse aone. Timati kupatsa n'kuika, kutanthauza kuti tsiku lina tidzakatenga. Sindikunyoza, ndi mmene anthu osauka amadzitetezera kumene kulibe inshuwalansi. Koma munthu amene si wathu, amene sadzabwera pamaliro athu, timamusiyira mabungwe ndi azungu. Pachipatala chachikulu chilichonse kwathu pali wodwala wopanda womudikirira, ndipo amene amamupatsa phala nthawi zambiri ndi mayi wodikirira wa pabedi loyandikana nalo kapena amayi a mvano ndi a chigwirizano akabwera kudzayendera. Ana a sekondale amene ali kuseri kwa mpanda wa chipatalacho palibe anawauzapo kuti ndi ntchito yawo.

Pasukulu ija ankawauza kuti ndi ntchito yawo. Ichi ndicho chinandidabwitsa. Sankaziika ngati chifundo cha munthu wa mtima wabwino, ankaziika ngati lamulo, limodzi mwa malamulo 613 amene Ayuda amawerenga m'Chilamulo cha Mose. Kuyendera odwala, kutonthoza ofedwa masiku asanu ndi awiri a chisoni, kupereka kwa osauka, zonsezi kwa iwo ndi ngongole. Amatenga pa Levitiko 19, paja pakuti pokolola usamalize m'mphepete mwa munda, usiyire wosauka ndi mlendo kuti akunkhe. Mwini munda alibe ufulu wonena kuti chaka chino sindikufuna. Mwana wanga anabwera ndi pepala la makwerero asanu ndi atatu a kapatsidwe amene anawalongosola Maimonides, mphunzitsi wawo wamkulu amene anabadwira ku Córdoba n'kumwalira ku Egypt mu 1204. Pansi penipeni pali munthu wopereka monyinyirika. Pafupi ndi pamwamba pali kupereka kumene wopatsa sadziwa wolandira, wolandiranso sadziwa wopatsa. Pamwamba pa zonse pali kumupezera munthu ntchito, kumubwereka mpamba kapena kuchita naye bizinesi kuti asadzapemphenso. Pepala limenelo linakhala pachitseko cha firiji mpaka linachita chikasu, ndipo mlendo aliyense wa kwathu amene analiwerenga ankakangana nalo.

Musaganize kuti ndikuwayesa angelo. Sukulu yomweyo imene imaphunzitsa zopereka mobisa imawerengera ana maola pa fomu n'kuwajambula zithunzi atanyamula makatoni a zakudya. Ana ena amapita chifukwa akufuna cholemba pofunsira malo ku yunivesite, ndipo akakwanitsa maola sawonekanso. Ndinaonanso ana a m'mabanja olemera akulankhula za "osauka a ku Africa" mwana wanga ali pomwepo, ngati kuti akukamba za nyama za ku Liwonde. Zimenezo zilipo. Komabe taganizani, achemwali: ana athu akula akuona pa TV kuti munthu wa khungu lawo ndi amene amatambasula dzanja kulandira. Chithunzi chilichonse cha Malawi chimene anzake a m'kalasi anachionapo ndi cha mwana wa mphuno zonyowa atanyamula mbale ya likuni phala. Ine ndimafuna mwana wanga aime mbali inayo ya tebulo, ayese kukhala amene wina akumudikirira kuti afike Lamlungu. Nthawi ya chikondwerero chawo cha Purim, pamene mwambo wawo umafuna kuti aliyense apereke mphatso kwa osauka osachepera awiri, iye ndiye ankatsogolera anzake kulongedza mapaketi. Mu Novembala kumakhala Mitzvah Day, tsiku limene Laura Marks analiyambitsa kuno mu 2005, ndipo pa tsikulo sapempha ndalama, amapempha nthawi yako. Amaitana ndi a mipingo ndi a mizikiti omwe.

Pali mphotho ina imene ana ang'onoang'ono m'sukuluzi amalandira akakwanitsa maola odzipereka, yotchedwa dzina la Yoni Jesner. Anali mnyamata wa ku Glasgow wa zaka 19, amene anafa mu 2002 bomba litaphulika m'basi ku Tel Aviv, akuyembekezera kudzayamba maphunziro a udokotala. Abale ake anapereka ziwalo zake, ndipo impso imodzi inapita kwa kamtsikana ka Chipalestina. Nkhani imeneyi amawauza ana asanawapatse fomu ya maola ija.

Nanga zoti amutembenuza?

Apa gonani tulo. Ayuda sayenda khomo ndi khomo kukopa anthu, ndipo munthu akafuna yekha kulowa chipembedzo chawo amachita kumuvutitsa ndi maphunziro a nthawi yaitali. Mwana wanu aphunzira Chiheberi pang'ono, adziwa mapemphero angapo ndi zikondwerero zawo, ndipo mwina adzakugonjetsani pa mafunso a Chipangano Chakale. Wanga ankawakonza akulu a mpingo katchulidwe ka mayina a aneneri mpaka ndinachita kumutsina. Zokhulupirira Yesu sadzamuphunzitsa kusukuluko, imeneyo ndi ntchito yanu ndi Sande sukulu. Zimene zidzakuvutitseni ndi zina. Lachisanu m'nyengo yozizira amaweruka msanga chifukwa Sabata limayamba dzuwa likamalowa, ndipo mu Disembala kuno limalowa isanakwane 4 koloko. Mu Sepitembala ndi Okutobala sukulu imatseka masiku angapo pa nyengo zawo zopatulika za Rosh Hashanah, Yom Kippur ndi Sukkot, anzawo a sukulu zina ali m'kalasi, ndiye mashifiti anu muziwakonzeratu. Pachipata pamakhala alonda, ndipo poyamba zimaopsa. Chakudya ndi cha kosher, nyama ndi mkaka sizikumana, ndipo pasukulu ya mwana wanga sankalola kubwera ndi nyama yochokera kunyumba. Nkhuku yotsala ya dzulo ija musamuikire m'chikwama musanafunse.

Pa za kudziperekako, funsani kusukulu zinthu zitatu: ndani wamkulu amene aziyang'anira ana kumeneko, mwana azichita chiyani kwenikweni, ndipo ndi maola angati pa sabata. Ola limodzi kapena awiri silingagwetse mwana mayeso a GCSE, aja a kusekondale kunoku, foni yake ikumudyera oposa pamenepo tsiku lililonse. Ikayandikira nthawi ya mayeso angapume, palibe amene angamukakamize. Ngati akuchita Duke of Edinburgh's Award, pulogalamu ya achinyamata imene nayo imafuna maola odzipereka, afunse ngati maola omwewo angawerengedwe kumenekonso, ndipo ngati akulota za udokotala kapena unamwino aziwalemba penapake, adzawafuna. Chimodzi chokha ndikupempheni: asapite kunyumba imene inu mumagwirako ntchito. Apite kwina, kumene sakamuona ngati mwana wa wantchito, ndipo inu simukamuona akupatsidwa tiyi ndi abwana anu inu muli ndi magolovesi m'manja.