Netiweki imandidukira gemu ili mkati

Achimwene, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe, pakhomo pa makolo. Ndili ndi PS4 yakale ija yoyambirira, ndipo madzulo ndimasewera mpira pa intaneti ndi anzanga. Gemu imayamba bwinobwino, koma ikafika mkati osewera amangouma pa sikirini, kenako ndimachotsedwa. Pobwerera ndimapeza andilemba kuti ndagonja, chonsecho ndimatsogola. Tili ndi rauta ya 4G yolowetsa simu khadi, imakhala pabalaza pamwamba pa kabati, ine ndimasewerera kuchipinda. Speed test imaonetsa 18 Mbps. Mwezi watha ndinagula bandulo yaikulu koma palibe chasintha. Zimanyanya kuyambira 7 koloko mpaka cha m'ma 10 usiku. Kodi ndisinthe netiweki?

Mnyamata wa ku Area 25

Achimwene, simu khadiyo isiyeni kaye momwemo, ndipo musaonjezerenso bandulo chifukwa cha vutoli. Ndalama munawonongazo zandiwawa, chifukwa ambiri amene amandilembera amagwa m'mbuna yomweyo. 18 Mbps ndi yokwanira mpaka kutsalako. Gemu ya mpira sidya data yambiri. Imangotumiza timauthenga ting'onoting'ono, toti wosewera wanu wakhotera kumanzere, wapatsira, wamenya, ndipo imatero kambirimbiri pa sekondi imodzi. Chimene imafuna n'chakuti timauthengato tizifika msanga ndiponso tisatayike panjira. YouTube ili ndi kankhokwe: imasungiratu kanema wa masekondi angapo, kotero netiweki ikaduka pang'ono simudziwa n'komwe. Gemu ilibe nkhokwe. Masekondi ochepa chabe opanda uthenga, seva, kompyuta yakutali imene ikuyendetsa gemuyo, imayesa kuti mwachoka, basi n'kukutulutsani.

Choyamba tipeze pamene pakudukira. Bwerekani laputopu ya Windows, muiike pafupi ndi PS4 yanu kuchipindako, muilumikize ku Wi-Fi yomweyo. Tsegulani kawiri Command Prompt, windo lolembamo malamulo a kompyuta. Pa windo loyamba lembani ping 192.168.8.1 -t. Imeneyo ndi adilesi ya marauta ambiri a 4G, koma yang'anani kapepala kamene kamatidwa kunsi kwa yanu, mwina ndi 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1. Pa windo lachiwiri lembani ping 8.8.8.8 -t, imene ndi seva ya Google. Ping imatumiza kauthenga n'kuonetsa nthawi imene yankho latenga kubwera, mu ma millisecond; likapanda kubwera imalemba Request timed out. Zisiyeni ziziyenda, inu muzisewera. Osewera akangouma, ponyani maso pa laputopu. Ngati mawindo onse awiri akulemba Request timed out, vuto lili m'nyumba mwanu momwemo, pakati pa chipinda ndi rauta. Ngati loyamba likuyankha bwino koma lachiwiri lasiya, ndiye kuti kwaduka pakati pa rauta ndi kunja.

Mmene mwafotokozeramu, ine ndikukayikira kwambiri Wi-Fi. PS4 yoyambirira imagwira Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, ya 5 GHz inabwera ndi PS4 Slim ndi PS4 Pro mu 2016. Pa 2.4 GHz m'pamsika weniweni: marauta a aneba, mahotspot a mafoni, masipika a Bluetooth, ngakhale kontirola imene muli nayo m'manja imalankhulira pomwepo. Onjezerani makoma a njerwa zootcha pakati pa balaza ndi chipinda chanu. Masana, anthu ali kuntchito ndi kusukulu, zimatheka. Madzulo aliyense akabwera ndi foni yake, kampata kamasowa.

Mankhwala ake ndi nthambo ya LAN, yolumikiza PS4 ku rauta mwachindunji, ya mtundu wa Cat5e kapena Cat6. Imatha kufika mamita 100 osafooka, ndiye khumi kapena khumi ndi asanu a m'nyumba mwanu si nkhani. Idutsitseni m'mbali mwa khoma ndi timisomali ta nthambo kuti anthu asamapunthwe. Pa PS4 pitani ku Settings, Network, Set Up Internet Connection, musankhe Use a LAN Cable. Sindikudziwa chinthu china chotsika mtengo chimene chimathetsa madandaulo ambiri ngati kanthambo kameneka. Ngati makolo akana zokhoma nthambo, lowani mu rauta musinthe tchanelo cha Wi-Fi kuchoka pa Auto, muyese 1, 6 kapena 11, chimodzichimodzi.

Koma musathamangire kukhulupirira kuti ndi Wi-Fi basi. Ndinaitanidwapo kunyumba ina ku Chilomoni kumene mnyamata anali atasintha kale simu khadi kawiri. Ndinakhala pampando moyang'anizana ndi rauta, osakhudza kanthu, ndikungoyang'ana timagetsi take. Patapita mphindi ngati makumi awiri ndinamva filiji ikuyamba kulira kukhitchini, ndipo nthawi yomweyo timagetsi tonse tinathima, n'kuyamba kuyakanso kamodzikamodzi. Rauta inkazima n'kudziyatsa yokha. Nditatsatira nthambo yake ndinapeza kuti ili pa ekisitenshoni imodzi ndi filijiyo, ndipo adaputa yake sinali yobwera nayo, inali ya chipangizo china, yofooka. Filiji ikamayamba imakoka moto wambiri, ndiye kaadaputa kaja kankagonja. Tinagula adaputa yogwirizana ndi manambala olembedwa kunsi kwa rautayo, 12V ndi ma ampere ake, n'kuipatsa soketi yakeyake. Vuto linathera pompo. Inunso yang'anani timagetsi ta rauta yanu gemu ikaduka. Ngati tikuthima, ganizirani za adaputa, komanso za mini UPS, kabatire kamene kamasunga rauta ili moyo magetsi akagwedezeka kapena akathima. Muikhudzenso ndi dzanja. Pamwamba pa kabati, pansi pa malata, mwezi wa Okutobala, rauta imatentha mpaka kuyamba kuchita zachilendo, makamaka ikafunditsidwa kansalu koteteza fumbi.

Za 7 koloko mpaka 10 zija zili ndi mbali ziwiri. Ina ili pabalaza panu. Pa 4G njira yotumizira zinthu kunja ndi yopapatiza kuposa yolandirira. Mlongo wanu akamaika kanema pa status ya WhatsApp, kapena foni ya amayi ikayamba yokha kutumiza zithunzi ku Google Photos, timauthenga ta gemu yanu timaima pamzere ngati munthu wa kathumba kamodzi amene wapeza wa matumba khumi ali kale pachigayo. Ping imene inali 70 imalumpha kufika mazana angapo. Pemphani apabanja, mwaulemu, kuti azimitse Wi-Fi pa mafoni awo kwa gemu imodzi yokha, muone kusiyana kwake. Ngati rauta yanu ili ndi QoS, posankhira chipangizo choyamba kupatsidwa mpata, ikani PS4 patsogolo.

Mbali inayo ndi nsanja ya netiweki, imene madzulo imasenza dera lonse. Apa mphamvu zanu n'zochepa, komabe zilipo. Tsitsani rauta pakabatipo muiike pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja. Mukalowa mu rauta fufuzani nambala yotchedwa RSRP, yoonetsa mphamvu ya netiweki imene ikufika pa rauta: ikakhala cha m'ma -80 zili bwino, ikatsikira ku -110 ndiye kuti mukungotolera nyenyeswa. Sankhaninso 4G only m'malo mwa Auto, chifukwa rauta ikamadumphira ku 3G n'kubwereranso, kudumphako kumakwana kukutulutsani mu gemu. Zonsezi zikakanika, bwerekani simu khadi ya netiweki ina kwa mnzanu, muiyese madzulo atatu pa maola omwewo, muli ndi mawindo awiri aja. Pamenepo m'pamene mungaganize zosintha.

Dziwaninso kuti dziko lathu lilibe nyanja yamchere. Intaneti yathu imadutsa ku Tanzania ndi ku Mozambique kuti ikapeze nthambo za pansi pa nyanja, ndipo maseva a magemu ali kutali, ku South Africa kapena ku Ulaya. Ping ya 20 imene mumaiona kwa osewera a ku London musaiyembekezere kuno. Ya 80 yokhazikika imaseweretsa bwino kuposa ya 50 yolumphalumpha. Pa 12 May 2024 nthambo za EASSy ndi SEACOM zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti inavuta kuno ndi m'mayiko angapo a kum'mawa kwa Africa. Tsiku lotero funsani kaye anzanu ngati nawonso zikuwavuta musanayambe kumasula zinthu m'nyumba. Mundilemberenso, mundiuze zimene mawindo awiriwo aonetsa.

Kalata ina: Achimwene, PS5 yanga imalemba NAT Type 3 ndipo sinditha kulowa mu party ya anzanga ena. Ndatsegula ma port onse amene ndinauzidwa koma sizikusintha. Ndimagwiritsa ntchito MiFi.

Wowerenga wa ku Zomba

Simunalakwitse kalikonse, achimwene. NAT Type 3 ikutanthauza kuti PS5 yanu ili kuseri kwa chitseko chotseka, moti ena a kunja amavutika kulumikizana nayo mwachindunji. Makampani ambiri a mafoni amagawira makasitomala ochuluka adilesi imodzi ya kunja, njira yotchedwa CGNAT. Chitseko chimene chatsekedwa chili kwa iwo, osati mu MiFi yanu, n'chifukwa chake kutsegula ma port sikukuphula kanthu. Funsani kampani yanu ngati imapereka public IP, adilesi ya kunja yanuyanu, ndi mtengo wake. Pakadali pano, mnzanu amene ali ndi NAT Type 1, yotseguka, ndiye aziyambitsa party kapena gemu, inu muzilowa kwa iye, chifukwa anthu awiri a Type 3 ndi amene amakanika kulumikizana kawirikawiri.