Spotting scope yoonera mbalame ku Lochinvar

Achimwene, mwafunsa ngati mugule spotting scope (chipangizo choonera zinthu zakutali chomwe amachiika pa tripod, choimikira chamiyendo itatu) ya Swarovski ATX ya 95mm kapena ya Kowa ya 88mm (manambalawa ndi kukula kwa galasi lakutsogolo) poti mukufuna kumaonera mbalame ku Lochinvar ndi ku Blue Lagoon, malo osungirako nyama zakutchire a pa dambo la Kafue Flats. Zonse ziwiri n'zabwino kwabasi. Galasi lakutsogolo la Kowa ndi la fluorite, moti kakowa akaima padzuwa simuona timizere tofiirira m'mphepete mwa nthenga zake.

Koma pa Kafue Flats chimene chidzakuvuteni si galasi ayi, ndi kutentha. Mu Okutobala, 10 koloko ikangokwana mpweya umayamba kunjenjemera pamwamba pa dambo, ndipo mukakweza mpaka 60x (kukulitsa chinthu ka 60) lechwe, agwape a m'dambomo, amangooneka mbuu. Nthawi zambiri mudzakhala pa 30x basi.

Ndikanakhala ine ndikanatenga ATX ya 85mm, chifukwa njopepukirapo kuposa ya 95mm, ndalama yotsalayo n'kugulira tripod yolimba. Apa ambiri amaumira, kenako mphepo ya mu Ogasiti imagwedeza zonse. Musankhe scope yopindika posuzumira, khosi silitopa, komanso anzanu aafupi amasuzumira nawo osatsitsa miyendo ya tripod.

Ngati mukuitanitsa ku Johannesburg, muwerengeretu msonkho polowa nayo kuno ku Lusaka, ndipo mufunse komwe amakonzera ikawonongeka.