Mwasamutsa database koma anthu akukanika kulowa? Yang'anani SID

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti anatenga backup ya database yawo ya SQL Server n'kuibwezeretsa pa seva yatsopano. Matebulo onse alipo, koma pulogalamu yawo ikukanidwa kulowa. Atayesa kupanganso user wa pulogalamuyo, seva inawabwezera error 15023, yoti dzinalo lilipo kale. Ndiye akufunsa kuti lilipo bwanji pomwe munthu sakulowa.

Lilipodi anzanga, seva sikukunamizani. SQL Server imasunga zinthu ziwiri m'malo osiyana. Login, yomwe imakulowetsani pa seva, imakhala mu master, database ya seva yeniyeniyo, ndipo imatsala pa seva yakale ija. User, yemwe amanyamula zilolezo, amakhala m'kati mwa database yanu, kotero amapita nayo kulikonse. Chomwe chimamanga ziwirizi si dzina, ndi nambala yotchedwa SID. Mukapanga login ya SQL pa seva yatsopano, ngakhale dzina ndi password zikhale zomwezo, imalandira SID ina. User uja amasanduka wamasiye, ndipo a Microsoft nawo amamutcha orphaned user.

Choyamba onani kuti amasiyewo ndi ati. Fananizani sid ya mu sys.database_principals (mndandanda wa ma user) ndi ya mu sys.server_principals (mndandanda wa ma login). User wa SQL yemwe alibe mnzake kumeneko ndiye wovutayo. Ngati login ilipo kale, lowani mu database yanuyo n'kulemba izi, m'malo mwa malonda muike dzina la user ndi la login yanu:

ALTER USER malonda WITH LOGIN = malonda;

Basi, zatha. Pa intaneti mupeza ambiri akulangiza sp_change_users_login. Imagwirabe, koma Microsoft inanena kale kuti idzaichotsa, ndiye musaizolowere.

Chimene ndikukuletsani ndi kufufuta user n'kumupanganso. Ine ndinachitapo zimenezi usiku wina ndili ndi phuma. Anthu analowadi, koma zilolezo zawo zonse zinapita, moti kunandichera ndikuzibwezeretsa chimodzichimodzi.

Ngati database imeneyi muziikopera kawirikawiri, kulumikiza user nthawi ndi nthawi n'kotopetsa. Pangani login pa seva yatsopano ndi SID ya kwakale, pogwiritsa ntchito CREATE LOGIN ndi mawu oti SID komanso HASHED, kuti password isasinthe. Script ya sp_help_revlogin imakulemberani zonsezi.

Ma login a Windows savuta motere mukakhala mu domain yomweyo, poti SID yawo imachokera ku Active Directory, komwe kumasungidwa maakaunti a domain. Mumangowapanga pa seva yatsopanoyo. Onaninso mwini wa database, chifukwa nayenso amatha kutsala wamasiye. ALTER AUTHORIZATION ndi yomwe imakonza zimenezo.