Retarder wambiri ayi achemwali, ine anandiwonongera marozi anga

Achemwali, imani kaye, botolo la retarder, mankhwala ochedwetsa penti wa acrylic kuuma aja, musalitsegule. Ndaona makomenti akuti poti penti akukuumirani musanasakanize mitundu ndipo marozi akutuluka matope okhaokha, muthiremo retarder wambiri kapena mukalembetse kalasi. Mtima wanga wachita kugunda nditawerenga, chifukwa malangizo omwewo, ochokera kwa munthu amene ndinkamutchula kuti aphunzitsi, ndi amene anandiphera chithunzi chimene ndinachikonda kuposa zonse zomwe ndinapentapo.

Anali marozi atatu, awiri apinki, limodzi loyera, kumbuyo kwake kobiriwira moderako. Kumapeto kwa kalasi kunali chionetsero, aliyense apachike chithunzi chimodzi. Ine ndinali nditapeza kanjira kanga: koti yopyapyala, ndidikire iume, ina pamwamba, ndidikirenso. Zinkachedwa koma zinkatuluka. Duwa loyeralo ndiye linali litafika penipeni, m'mphepete mwa timasamba take mukupindikira kunja, mthunzi wake wa pepo wotuwirako, ukaliyang'ana uli patali n'kumaona ngati ungalithyole. Aphunzitsi aja, abambo ena ake, akadutsa ankangopukusa mutu, amvekere, "Mizere ya burashi ikuoneka iyi, wodziwa ntchito sapenta chonchi." Tsiku lina anangofika n'kunyamula paleti yanga, osapempha, n'kufinyira retarder pa mulu uliwonse wa penti. Sikuti kadontho ayi, pafupifupi kuchuluka kofanana ndi penti yemweyo. Anatakasa, kundilanda burashi m'manja, n'kuyamba kudutsitsa pa maluwa anga onse atatu anzanga akuonerera. Tsiku limenelo zinaonekadi zosalala, pinki kulowa mu zoyera osaona polekezera, ndipo kalasi yonse inawayamikira.

Patapita masiku angapo ndinakhudza pakona ndi chala. Penti akadanandabe, chidindo cha chala changa chinatsala pomwepo. Ndinawauza. Akuti ndi chinyezi chabe, auma. Ndinawauzanso, akuti ndimadandaula msanga. Latsala tsiku limodzi kuti chionetsero chichitike, anasanja zithunzi zonse patebulo kuti apake vanishi okha, ndi burashi yaikulu yophwatalala ija. Ine ndinali chilili pambali pawo. Ndinanena ndithu kuti changacho chisiyeni, sichinaume. Sanandiyang'ane n'komwe. Burashi inadutsa koyamba kuchokera kumanzere, palibe chinachitika, ndinapumira m'mwamba. Pobwerera ndi pomwe ndinaona magenta akunyamuka pa duwa lapinki, kutsatira ubweya wa burashi, n'kujambula mkwasa wofiira kudutsa pakati penipeni pa duwa loyera. Abale inu. M'malo moima, anabwerezanso kuti akonze, uku akukanikiza. Zobiriwira za kumbuyo nazonso zinalowa m'timasamba. Pakatikati pa rozi, pomwe ndinaunjika mitundu yakuya mosamala, penti anamatuka mpaka gesso woyera, uja timapaka pa kanvasi tisanayambe kupenta, kuonekera pansi, ulusi wa kanvasi uli poyera. Ubweya wa burashi unali pinki yekhayekha, vanishi wa m'kapu naye atasanduka pinki. Ine kakasi, manja akunjenjemera, mawu osatuluka. Chipinda chonse chinangoti zii.

Ndiye mukudziwa zomwe ananena? Anapukuta burashi pa kansanza n'kuti, "Mwaonatu nonse, izi ndi zomwe zimachitika munthu akamathira madzi ambiri mu penti." Ine! Madzi! Pamaso pa anthu omwewo amene anawaona akufinya botolo ndi dzanja lawo. Palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa, ndipo sindiwada, aliyense ankaopera chithunzi chake chomwe chinali chisanapakidwe. Changa anachitsamiritsa kuseri kwa chitseko, chitayang'ana kukhoma. Mawa lake anthu akufunsa kuti nanga cha mayi aja chili kuti, iwo n'kumayankha kuti sanamalize. Mpaka lero pepani sindinamumvepo. Kulakwitsa aliyense amalakwitsa, koma kukankhira mlandu kwa wophunzira amene sangakuyankhe, pofuna kuteteza dzina lako, imeneyo ndi nkhanza. Ndinakhala nthawi yaitali osagwira burashi, ndikaona maluwa pa kanvasi ya wina m'mimba mumachita kutentha.

Chomwe chinachitika ndinadzachimvetsa nditayamba kuwerenga ndekha zolembedwa pa mabotolo. Penti wa acrylic ndi ufa wa mtundu wosakanizidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono ta pulasitiki toyandama m'madzi. Madzi akauluka, tizidutswato timagwirana n'kupanga kakhungu kolimba komwe madzi sangakasungunulenso. Retarder ndi mankhwala a glycol ongochedwetsa madziwo kuuluka, mulibe chomatira chilichonse. N'chifukwa chake opanga amalemba malire pa botolo, ena 15 peresenti, ena 25. Mukapyola pamenepo penti amakhala wonanda kwa nthawi yaitali, ndipo chonyowa chilichonse chikadutsa pamwamba chimamunyamula. Abambo aja anazolowera penti wa mafuta, amene amatenga masiku kuti aume, ndiye ankafuna acrylic achite zomwezo mokakamiza. Ankakonda kutionetsa mpendadzuwa wa Van Gogh, uja anapenta ku Arles, ku France, mu 1888, koma ameneyo ndi penti wa mafuta. Acrylic wosungunula ndi madzi anayamba kugulitsidwa kwa ojambula cha m'ma 1955, penti wa Liquitex ndiye anali m'gulu la oyambirira. Zaka zonsezi penti alipo, munthu n'kumaphunzitsa anzake asanawerengepo kuseri kwa botolo.

Tsono za matope anuwo. Ndayang'anitsitsa chithunzi mwaikachi, ndipo vuto lalikulu si kuuma msanga ayi, ndi mitundu imene mukusakaniza. Mthunzi wa timasamba mwaupanga ndi penti wakuda, ndikunama? Wakuda amapha pinki nthawi yomweyo, ndipo pa chikasu ndiye zoopsa, amasanduka wobiriwira wonyansa. Pa rozi lapinki, mthunzi upangeni ndi magenta yemweyo muonjezeremo buluu wa ultramarine pang'ono, kapena kachidutswa kochepetsetsa ka wobiriwira kuti azizire. Pa duwa lachikasu gwiritsani bulawuni wa raw sienna kapena pepo pang'ono zedi. Duwa loyera nalonso siloyera paliponse, mbali yaikulu ndi lotuwa mopita ku buluu kapena pepo, zoyera zenizeni n'zapamwamba pokha pomwe kuwala kwagunda.

Chinanso ndi wofiira amene muli naye. Ngati ndi cadmium red, ameneyo amapendekera ku olenji, ndiye mukamuphatikiza ndi buluu kuti mupeze pepo mumapeza bulawuni. Si dzanja lanu, ndi mmene ufawo ulili. Pezani quinacridone magenta. Tembenuzani chubu, pali timanambala: PR122 ndiye magenta ameneyo, PB29 ndi ultramarine, PW6 ndi titanium white. Awiri oyambawo akakumana amatulutsa pepo woyera bwino, ndipo magenta ndi titanium white amapereka pinki wa rozi amene mukumufunayo. Chubu chikakhala ndi manambala atatu kapena anayi, dziwani kuti asakaniza kale, inu mukaonjezera mitundu ina iwiri matope afika basi. Titanium white naye musamuthire paliponse, amaphimba kwambiri ndipo duwa limaoneka lambuu ngati lafumbi. Pofuna kuwalitsa mopepuka zinc white ndiye wabwino chifukwa amaonetsa zapansi. Madzi otsukira akhale makapu awiri, ndipo burashi yomwe yachoka pa masamba obiriwira isapite pa duwa musanaitsuke mpaka kumizu kwa ubweya.

Muzikumbukiranso kuti acrylic amadera akauma. Chomatira chake chimachita ngati guluu woyera wa matabwa uja, akakhala wonyowa ndi woyera, akauma amaonekera mkati. Ndiye pinki amene mwamuona pa paleti akauma amatsika pang'ono. Sakanizani mowalirapo kusiyana ndi mmene mukufunira, yesani pa kapepala, kaume, muone.

Rozi musaliyambe ndi kasamba kamodzikamodzi. Apa ndi pomwe ambiri timatayikira, kuwerenga timasamba mpaka duwa kusowa thupi. Tsinzinani pang'ono muliyang'ane: ndi kapu, mkati mwakuya, mbali imodzi yowala, ina yamthunzi. Konzani milu itatu ya penti musanakhudze kanvasi, wakuya, wapakati, wowala. Pakani duwa lonse ndi wapakati, ikani wakuya pakatikati ndi pansi pa timasamba, zisiyeni ziume, mphindi 10 mpaka 20 zimakwana ngati koti ndi yopyapyala. Kenako tengani filbert, burashi ya nsonga yozungulira ija, ya ubweya wopanga osati wa nyama, mutapeko wowala. Kanikizani, kokani mokhota, nyamulani. Kamodzi kokha, musabwererepo. Timasamba ta pakati ndi tating'ono tothinana, ta kunja n'tatikulu totambasuka. Kubwerezabwereza pamalo pomwe penti wayamba kugwira ndi kumene kumakanda koti ya pansi n'kusiya zigamba. Kuuma msanga kumene mukudandaulako ndi komwenso kumakulolani kukonza: pomwe palakwika dikirani paume, pakanipo wina, nkhani yatha. Zithunzi zanu zamatopezo musataye, pentani pamwamba pake.

Komanso kunena zoona rozi ndi duwa lovuta kuyambira. Yambani ndi hibiscus, timasamba tisanu totambasuka ndi kamtengo kotuluka pakati, kapena cosmos. Thyolani lenileni, liikeni m'botolo pafupi ndi windo, kuwala kuzichokera mbali imodzi. Chithunzi cha pa foni chimabisa mithunzi, makamaka cha maluwa ofiira.

Kuti penti asakuumireni pa paleti, tengani kontena yosaya yokhala ndi chivundikiro, yalani pansi kansalu konyowa, pamwamba pake pepala la parchment lophikira makeke lija, penti muzifinyira pamenepo. Amakhala wofewa tsiku lonse, mukavundikira mpaka mawa. Khalaninso ndi kabotolo kopopera madzi ngati nkhungu, muzipopera pang'ono. Fani isamakuombeni pomwe mukupentera, dzuwa lisamagunde kanvasi. Gesso ikaniko makoti awiri, chifukwa kanvasi youma imamwa madzi a mu penti msanga. Ndipo posalaza mitundu pa kanvasi, muzisalaza kasamba kamodzi panthawi, osati duwa lonse.

Retarder'yo, poti mwagula kale, musamutaye. Inenso ndimamugwiritsa ntchito masiku ano, kunja kukatentha kwambiri sungachitire mwina. Koma kadontho kamodzi pa mulu, ndipo pa koti yopyapyala yokha, osati pomwe mwaunjika penti. Chabwino koposa ndi glazing liquid kapena blending medium, zamadzimadzi zothira mu penti posalaza mitundu, chifukwa zimenezo zili ndi chomatira mkati, olo dzanja lipitirire pang'ono penti amaumabe bwino. Palinso penti wochedwa kuuma mwachibadwa, monga OPEN wa kampani ya Golden amene anatuluka mu 2008, ngati mtima wanu uli pa kusalaza mitundu. Kusalazako si tchimo, pa timasamba tikuluikulu ta kunja kumakongoletsadi.

Za kalasi, pitani. Ndikudziwa kuti mudabwa ndi zomwe ndafotokozazi, koma pali zinthu zoti vidiyo singakuuzeni, monga kuchuluka kwa penti pa burashi ndi mmene mukukanikizira. Ngakhale njira ya One Stroke ya Donna Dewberry, yotapa mitundu iwiri pa burashi imodzi yophwatalala, imaoneka yophweka pa YouTube, koma munthu akakhala pambali panu n'kukuuzani kuti burashi yanu yauma, pendeketsani chonchi, mumagwira msanga. Nthawi zina mpatseni burashiyo akuonetseni ndi dzanja lake, palibe cholakwika. Bola achite zimenezo pa pepala lapadera, osati pa chithunzi chanu. Musanalembetse, pemphani kuona maluwa amene iyeyo wapenta ndi acrylic, osati ndi mafuta. Akayamba kuyalutsa wophunzira pagulu, nyamulani zanu muzipita tsiku lomwelo.

Vanishi muzipaka nokha. Dikirani masiku angapo, ngati penti ndi wokhuthala kapena muli retarder dikirani sabata ngakhale awiri. Nyowetsani kansalu koyera, pukutani pakona mopepuka, mtundu ukatsala pa nsalu ndiye kuti nthawi sinakwane. Ikani kaye koti yotchinga, jelo woonekera mkati wotchedwa soft gel gloss magawo awiri ndi madzi gawo limodzi, iume bwinobwino, vanishi abwere pambuyo, ndi burashi yofewa, osakanikiza.

Jambulani kuseri kwa machubu anu ofiira ndi a buluu muike pansi pa komenti ino, ndione manambala ake, ndikuuzani awiri oti muyambire kusakaniza.