Desktop ya pa cloud ikhale yanuyanu, osagawana

Achimwene, desktop ya pa cloud (kompyuta yolipira yomwe ili kutali, umalowamo kudzera pa intaneti) yokonzekererapo training ndi yabwino ndithu, koma ikhale yanuyanu. Osagawana ndi munthu! Ine zinandionekera konkuno pa boma la Dedza, mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira.

Ndinkaphunzitsa Excel alembi a makopaletivu a alimi a mbatata ya kachewere. Zonse ndinakonzera pa Azure, cloud ya kampani ya Microsoft, makina ndinasankha a ku Johannesburg poti ndi apafupi, ukadina sachedwa kuyankha ngati a ku Ulaya. Mafayilo oyeserera, ma formula, zonse ndinayesa, zikuyenda bwinobwino. Koma mkulu wa IT ku ofesi yomwe inandipatsa ntchitoyo anati madola avuta, tigwiritse ntchito makina amodzi tonse. Usiku woti mawa training, iye analowamo kukayesa pulogalamu yake, n'kuchotsa Office yomwe ndinaikamo, n'kuika ina. Osandiuza ngakhale pa WhatsApp.

M'mawa, chisanu cha June chija, anthu adzaza m'holo atavala majekete, ena anyamuka m'bandakucha kuchokera ku Bembeke ndi ku Lobi. Projector yayaka, ndalowa pa Remote Desktop (pulogalamu yolowera m'makina akutali aja), Excel ikufuna laisensi. Foda ya ntchito zoyeserera kulibe. Kudina apa, kudina apo, thukuta kamukamu kuzizira konseko. Mayi wina wa mpando wakutsogolo anafunsa mwaulemu, "Aphunzitsi, tiyambe talemba m'makope?" Ndikaimbira mkulu uja, foni akudula. Atayankha akuti, "Mukanasunga backup." Backup yake iti, pomwe ndi iyeyo anakana zolipira snapshot, kope ya disk yonse yobwezeretsera zinthu zikasokonekera? Anthu anasiya minda yawo, analipira thiransipoti, ndipo mkulu uja mpaka pano sanapepese.

Ndiye inu, makina oyeserera akhale padera, a training padera, password muziidziwa nokha. Mukamaliza kukonza, tengani snapshot musanagone. Pa Azure musamangozimitsa Windows mkatimo, muzidina Stop pa portal (webusaiti yoyendetsera makina ya Azure) mpaka ilembe kuti deallocated, apo ayi bilu imangowerengabe. Disk nayo imalipiridwa ngakhale makina atazima. Zonsezi n'za madola, ndipo paja kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023.

Koma kunena zoona, kwathu kuno cloud musaidalire kwambiri. Netiweki ikagwa, kapena magetsi akathima router n'kuzima, basi zonse zaima. Yendani ndi SIM ziwiri, ya TNM ndi ya Airtel. Makina ena ofanana nawo muwakonze mu VirtualBox (pulogalamu yoyendetsera kompyuta ina mkati mwa kompyuta) pa laputopu yanu, mafayilo onse pa flash, flashyo m'thumba mwanu osabwereka munthu.